Ng'ombe Zinayi M'nkhungu ya Apongozi

Ndinanyamuka ku Hobhouse Loweruka, sikisi koloko m'mawa, nditakumbatira makatoni awiri a filiji ngati munthu woba chitseko. Unali mwezi wa Julaye, tsiku la kamvula kowaza kaja kamene anzathu kuno ku Mutare amati guti, koma mayi anga mpaka imfa yawo ankangoti chiperoni. Pakati pa makatoniwo panali chithunzi cha apongozi anga, a Mbewe, ndipo ndinkapita kukachibweza kwawo ku Arda Transau, kufupi ndi Odzi.

Ine ntchito yanga ndi yojambula pamakoma. Mukaona nkhuku yonenepa pakhoma la takishopu ku Hobhouse kapena ku Sakubva, kaya mutu wometedwa bwino pakhomo la ometa, dziwani kuti dzanja langa linadutsapo. Koma kwa a Mbewe imeneyi sinali ntchito. Zaka khumi ndi chimodzi chikwatirireni mwana wawo Nambewe, mawu awo kwa ine anali a moni basi, kenaka funso lomwe lija: "Nanga ntchito yeniyeni simunaipezebe, a Banda?" Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo iwo ankandiyang'ana ngati akudikira tsiku loterereka. Ine ndinkangofuna kuti kamodzi kokha, asanafe, anene kuti ndili ndi dzanja.

Ndiye mkazi wanga atabwera nacho chithunzicho chitakulungidwa m'paipi ya pulasitiki, ndinati mwayi wanga ndi umenewu. "Bambo akuti chang'ambika m'munsimu, pafupi ndi kamtengoka," anatero Nambewe. "Akuti mumate ndi guluu. Basi."

Basiyo ndinamumva bwinobwino. Koma nditachitambasula m'kashedi kanga ndinagwira pakamwa. Pepala lalitali lofika m'chifuwa, kamtengo kokulungira kumwamba, kena kumunsi, lojambulidwa ndi inki yakuda yokhayokha. A Mbewe anapatsidwa ndi mkulu wina wa ku China, wophika pa kampu ya anthu okumba miyala ya dayamondi ku Chiadzwa, amene iwo ankamulimira ndiwo zamasamba asanasamutsidwe kupita ku Arda Transau. Kumwamba kunali nsonga za mapiri. Kumunsi kamtengo kokhota, kamlatho, ndi kamunthu kogwira ndodo, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Pakati ponse, abale inu, panalibe kanthu. Pepala loyera lokhalokha, theka lonse la chithunzi! Ndinati wojambula ameneyu inki inamuthera, kapena anamuitana ku maliro. Ine kasitomala nditamusiyira khoma lotere angandithamangitse ndi tsache.

Ndinamata pong'ambikapo, kenaka ndinatsegula zitini zanga. Masiku atatu ndili pamenepo. Ndinaikamo thambo labuluu, dzuwa lofiira, msipu wobiriwira, ng'ombe zinayi zonenepa poti zawo zinatha pa msamuko, ndi nyumba yawo ya ku Arda Transau, ya malata owala, kuti nawonso akhalemo m'chithunzi chawo. Nambewe sindinamuonetse, ndinkafuna akamve kwa bambo ake. Vuto linali limodzi, penti yamafuta siuma nyengo yozizira, ndiye kukulunga kunakanika. Ndiwo makatoni a filiji aja.

Kombi yopita m'tauni inaima pa takishopu ya pakona. Wolowetsa anthu, amene kuno timati hwindi, anandiyang'ana ine, anayang'ana makatoni, n'kuseka.

"Madala, mukusamuka?"

"Ndi chithunzi. Chisapindike."

"Chithunzi chikwere pamwamba."

"Pamvulapa? Mutu wako ukuyenda bwino iwe?"

Tinakangana mpaka dalaivala analiza hutala. Mapeto ake makatoni anagona pamiyendo ya anthu anayi a mpando wakumbuyo, ine ndikupepesa uku ndi uku. Mtengo wa ulendowo unali masenti makumi asanu, ndipo ine ndinapereka dola. Titafika m'tauni hwindi anati alibe chenje. Analoza mayi wina wachikulire wovala duku lobiriwira amene nayenso anapereka dola, n'kumupatsa dola imodzi m'manja. "Ndakukwatitsani," anatero. "Mukagawane kutsogoloko." Umu ndi mmene amachitira kuno, amakumangirira kwa munthu wosamudziwa chifukwa cha masenti, iwo n'kuthawa.

"Asa! Anthu opanda khalidwe," ndinatero m'chinenero chathu.

"Musatukwane, bambo, ukwati wangoyamba kumene," mayiyo anandiyankha m'Chinyanja chosalala.

Ndinachita manyazi. Anati ndi a Nachisale, anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Odzi, bambo awo anachokera ku Dedza wapansi. Famu itagawidwa anabwera m'tauni kudzagwira ntchito zam'nyumba. Tsikulo ankapita ku Odzi kukaona mchemwali wawo wodwala, ndiye ukwati wathu unapitirira mpaka pa renki yokwerera makombi a ku Odzi, iwo kutsogolo ndi dola, ine pambuyo ndi chitseko changa, mphepo ikundikankha ngati ikufuna kundiulutsa. Dolayo tinagula maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, mapaketi awiri ndi nthochi, n'kuthetsa banja mwamtendere.

Pa renki tinafika hafu seveni. Kombi ya ku Odzi inali ndi anthu asanu, ndipo atatu mwa iwo anali aja ongokhalamo kuti izioneka yodzaza. Madola awiri munthu mmodzi. Hwindi wa apa anali wouma mutu kuposa woyamba uja, anati makatoni alipire mpando wawo. Ndinalipira, mtima ukuwawa. Chithunzi chinakhala pawindo ngati bwana, ine pakati.

Tinadikira maola awiri athunthu. Kudikira kumaputa uchitsiru. Bambo wina wa chipewa chachikopa anafunsa kuti m'makatonimo muli chiyani chokwera ngati munthu, ine m'malo mongoti ndi katundu, ndinamasula chingwe pansi pa shedi. Anthu anaunjikana. Wina anati ng'ombezo zikuchita ngati zilira. Wa chipewa uja anati ali ndi butchala ku Gimboki, ndikamujambulire zomwezo, anatenga ndi nambala yanga. Mayi wogulitsa mazira anati mapiri akudawo ndiye akuipitsa, bwanji osawapenta nawonso. Ndinatupa, sindinama. Ndinati lero a Mbewe andidziwa.

A Nachisale okha anayang'ana nthawi yaitali, n'kukalowa m'kombi.

Tinanyamuka hafu naini itadutsa. Titayamba kukwera phiri la Christmas Pass, injini ikulira ngati ikupempha chikhululuko, mayi aja anandigunda ndi chigongono.

"Bambo, poyera paja anakuuzani kuti mupentepo?"

"Ayi. Ndangowathandiza. Wojambulayo sanamalize."

"Anamaliza."

"Mayi, ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri."

"Ine ndapukuta fumbi pa chithunzi chotere zaka zisanu ndi chimodzi," anatero. "Anamaliza."

Anandifotokozera kuti anagwirapo ntchito kwa banja lina la ku China ku Murambi. M'nyumbamo munali gogo, mayi ake a bwana, ndipo anali nacho chake chonga chimenechi, mapiri, madzi, kabwato, ndi poyera pambiri. M'mawa uliwonse gogoyo ankathira tiyi wopanda shuga, n'kukhala pampando kuyang'ana chithunzicho. Osalankhula, osapemphera, kungoyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Tsiku lina a Nachisale anapachika kalendala pambali pake poona kuti khoma lili lokha, gogo uja anakuwa ngati waona njoka. Pambuyo pake, mtima utatsika, anawakhazika pansi n'kuwafotokozera ndi manja ndi Chingerezi chothyokathyoka.

"Anati poyerapo ndi nkhungu, amaisiya dala. Kamunthu kaja amakachepetsa dala, chifukwa munthu ndi wochepadi pamaso pa phiri. Ndiye iwe woyang'anawe umakhala kamunthuko. Umawoloka kamlatho, umalowa m'nkhungumo, ndipo zimene ukapeze m'menemo ndi zimene wabwera nazo mumtima. Tsiku lachisoni nkhunguyo imazizira. Tsiku lina yomweyo imakhala ya m'mawa, dzuwa lili pafupi kutuluka. Gogo uja ankati m'mwake muli mudzi wa kwawo ndi amuna ake."

"Zimenezo ndi za anthu a ku China," ndinatero. "Apongozi anga ndi Mchewa."

"Achipachika zaka zingati?"

"Chisamukireni."

"Amakhala pati m'nyumbamo?"

Ndinakumbukira mpando wawo. Nthawi zonse ndikapita ndinkawapeza atafulatira khomo, atayang'ana kukhoma, ine n'kumati akuchita dala kuti asaone nkhope yanga.

Ndipo ngati kuti phirilo linapangana ndi mayiwo, pamwamba pa Christmas Pass tinalowa m'nkhungu yeniyeni. Mawaipa a kombi anali akufa, hwindi anatulutsa theka la thupi pawindo kumapukuta galasi ndi chipewa chake, dalaivala akumutukwana. Ndinasuzumira pamwamba pa makatoni anga. Tauni yonse ya Mutare kumunsi kunalibe, kunali mbee. Nsonga ya phiri inali lende m'mwamba yopanda tsinde. M'mbali mwa msewu munali mtengo umodzi, ndi munthu wina woyenda ndi ndodo, wochepa, akulowa moyeramo.

"Imeneyo mungaipente?" anafunsa a Nachisale.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinapsera mtima mayiwo, phirilo, wophika wa ku China amene sanalembe n'komwe kuti pano musakhudze, kapena analemba, nanga timalemba ta ku China ta m'mphepete mwa chithunzicho amatiwerenga ndani ku Hobhouse? Ndinapsera mtima Nambewe chifukwa chonena basi mmodzi yekha m'malo mwa atatu. Kuzizira konse kuja ine thukuta linali kamukamu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya chisa chonse.

Kuyambira pamenepo ulendo unangondiipira. Kombi inkaima paliponse, wina atsike, wina akweze thumba la feteleza, wina akataye madzi. Pa mphambano ina tinakhala mphindi makumi awiri kudikira mlamu wake wa dalaivala amene ankabwera ndi nkhuku. Nkhukuyo itakwera inasankha kujompha katoni yanga. Wa chipewa chachikopa kumbuyo ankangobwereza kuti ng'ombe zija zikhale zisanu pa butchala yake. Ndinkafuna kumuponyera nthochi.

Ku Odzi tinatsika ileveni koloko itayandikira. Mvula inali italeka. Ndinathamangira ku sitolo ya zomangira n'kugula katini ka penti yoyera, madola atatu, ndi kabulashi. Nzeru yanga inali yoti ngati nkhungu ndi yoyera, ndiibwezeretsa. A Nachisale ananditsatira kuseri kwa sitoloyo, pansi pa mtengo, akupukusa mutu.

"Bambo, madzi akatayika sawoleka. Ingopitani mukanene."

"Mayi, ukwati wathu unatha pa renki. Ndisiyeni."

Ndinayambira pa dzuwa. Kalanga ine! Yofiira ija inali isanaume. Bulashi itangodutsa kawiri, dzuwa langa linasanduka chibanthu cha pinki ngati poloni. Ndinayesa kupukuta ndi kansalu, chinakula. Ndinayesa kuwonjezera yoyera, chinatupa. Ndinakhala pansi pa dothi lonyowa, bulashi m'manja, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanalira.

A Nachisale sanaseke, Mulungu awadalitse. Anatulutsa mbatata yophika m'chikwama chawo, anaibenthula, n'kundipatsa theka. "Idyani. Munthu sapepesa ndi njala, amayamba kudziteteza." Atatero anamanga duku lawo bwino n'kulowera njira ya kwa mchemwali wawo. Sindinawaonenso.

Ndinaganiza zobwerera. Ndinaganiza zonena kuti chinabedwa pa renki, kapena chinagwa pa kombi. Koma anthu makumi atatu anali atachiona ndi kuchiyamikira, ndipo nkhani ya ng'ombe zinayi ikanafika ku Arda Transau ine ndisanafike n'komwe ku Hobhouse. Ndinakwera kalole kotsegula kumbuyo, dola imodzi, nditaimirira kuti makatoni asapindike, mphepo ikundimenya nawo kumaso.

Amene simunafikeko ku Arda Transau, nyumba zake ndi zofanana ngati mazira. Mizere mizere, kukula kumodzi, malata amodzi, ndipo ine ulendo uliwonse ndimasochera. Tsikulo ndinagogoda pa makomo awiri olakwika. Ya a Mbewe ndinaizindikira ndi kamtengo ka pichesi kamene anabzala pakhomo n'kukana kukula.

Ndinaodira kunja nthawi ili cha m'ma thwelofu. "Lowani," anatero. Ndinawapeza pa mpando wawo uja, atafulatira khomo. Pakhoma panali msomali wokha, ndi chizindikiro chachitali pamene chithunzi chinkakhala. Masabata awiri onsewo anakhala akuyang'ana msomali.

Ndinakhala pansi chapatali monga mkamwini, ndinaomba m'manja, tinalonjerana. Anafunsa za Nambewe ndi za ana. Kenaka anayang'ana makatoni.

"Chanenepa chithunzi changa, a Banda."

"Bambo, ndalakwa," ndinatero. "Ndamata pong'ambika paja, koma ndachitanso zina zimene simunanditume."

"Tsegulani."

Ndinamasula chingwe. Ndinachinyamula pa kamtengo kakumwamba n'kuchipachika pa msomali wake. Ndinabwerera pamalo panga. M'nyumbamo munadzaza fungo la penti.

Anaimirira pang'onopang'ono, anayandikira, manja kumbuyo. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anatambasula chala n'kuloza pa thambo langa labuluu, osakhudza.

"Apa panali mlambe wa pakhomo pathu." Chala chinatsika kufika pa msipu. "Apa khola. Kanjira aka kankatsikira kuchitsime." Chinasunthira pa chibanthu cha pinki chija, n'kuima. "Apa ndi pamene tinawagoneka amayi ake a Nambewe. Manda anatsala konko, kuseri kwa waya wa okumba miyala aja. Ine ndinkapitako m'mawa uliwonse, kudzera pa kamlathoka."

"Sindinadziwe, bambo. Ndinaona ngati palibe kanthu."

"Eya. Ndi chifukwa chake zinkakwanamo zonse."

Kenaka anawerama, anatsinzina diso limodzi, kuyang'ana nyumba imene ndinajambula mosamala kwambiri ija, ya malata owala, ndi kapichesi kake pakhomo.

"Iyi ndi nyumba ino?"

"Inde, bambo."

"Ha," anatero motsitsa. "Nanunso mwandisamutsira muno momwe."

Anthu anandinenapo zambiri pa moyo wanga, makasitomala, mahwindi, eni nyumba, ndipo aliyense ndinamubwezera. Apa ndinangoti ndikafunafuna china m'masitolo a anthu a ku China m'tauni. Anapukusa mutu, anati china sachidziwa njira zake.

Kenaka anati, "Tachitembenuzani."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabwereza. Ndinachichotsa pa msomali, ndinachitembenuza, ng'ombe zanga, thambo langa ndi poloni wanga zinayang'ana kukhoma. Kumbuyo kwake kunali pepala lachikasu pang'ono, lokalamba, lopanda kanthu. Ukayang'anitsitsa, kumwamba kunkaoneka mthunzi wa mapiri aja, wozimirira kwambiri, ngati ali kutali tsiku la chiperoni. Kamunthu ndi kamlatho sizinkaoneka.

A Mbewe anabwerera pa mpando wawo. Anakoka kampando kena ndi phazi, n'kukaika pambali pawo, chinthu chimene sanachitepo zaka khumi ndi chimodzi.

"Khalani apa. Musalankhule."

Ine kukhala chete ndi chilango, ndipo pepala lopanda kanthu limandiyabwa m'manja. Mphindi zoyamba ndinkangoona pamene pangakwane nkhuku, pamene pangakwane dzina la sitolo. Msana unawawa. Ndinaganiza za madola anga a mpando wa makatoni. Kenaka, sindikudziwa kuti inali nthawi yanji, ndinapezeka ndikuganiza za komboni ya mgodi ku Penhalonga kumene ndinakulira, mzere wa zitseko zobiriwira, mayi anga akuanika zovala m'chiperoni n'kumadandaula kuti siziuma. Nyumba zimenezo zinagwetsedwa kalekale, ndipo ndinali ndisanaziganizepo zaka zambiri. Ndinapukuta m'maso ndi dzanja la penti, n'kudzipaka pinki pa tsaya.

Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka. Mbatata ya a Nachisale ndiyo inandisunga. Pamene ndinkatsanzika kuti ndikapeze kalole komaliza ka ku Odzi, a Mbewe sanatembenuke. Maso ali pa pepala lawo, anati:

"Ng'ombe zija mwazitha, a Banda. Dzanja muli nalo."

Makatoni ndinawasiya konko, ndipo pobwerera ndinalipira mpando umodzi wokha. Pa Christmas Pass nkhungu inali itachoka, Mutare yense ali poyera ndi magetsi ake oyamba, koma ine sindinayang'ane kwambiri. Ulendowu unandiphunzitsa kufunsa ndisanatsegule chitini, ndiponso kuti malo amene ine ndikuona kuti ndi opanda kanthu mwina mwini wake amagonamo. Koma phunzirolo analipira ndi a Mbewe, osati ine, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Mawu amene ndinawadikira zaka khumi ndi chimodzi ndinawamva ndithu, ntchito yanga itayang'ana kukhoma.